Warfarin ndi chiwindi

Mwafunsa ngati warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene amayi anu akumwa, angawawonongere chiwindi. Sizichitikachitika. Nkhani yaikulu njakuti chiwindi ndicho chimagaya warfarin, ndipo ndi chomwecho chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana pogwiritsa ntchito vitamini K. Chikafooka ndi hepatitis B kapena mowa, mankhwalawo amachedwa kuchoka m'thupi, INR (muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) imakwera kupyola pa 2 mpaka 3 pamene madokotala amafuna nthawi zambiri, ndiye mumayamba kuona magazi pa mswachi.

Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amawonjezera mphamvu ya warfarin, pomwe rifampicin wa TB amaichepetsa kwambiri. Amayi anu akayamba kapena kusiya mankhwala amenewa, akayezetse INR sabata isanathe. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi, kapena chimbudzi chikada bii ngati phula, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire deti lolembedwa m'buku lawo.