Romeo akati moto ndi wozizira, timukhulupirire?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuwerenga Romeo and Juliet, sewero la William Shakespeare. Akuti: "Aphunzitsi atiuza kuti tipeze nsinjiro za chiyankhulo m'seweroli. Ndapeza zambirimbiri, koma sindikuona ntchito yake. Kodi si zongokometsera chabe?"

Chemwali, kutola nsinjiro ngati nkhuni sikuvuta. Ine ndimafuna muzifunsa kuti wayankhulayo ndani, ndipo zinthu zili pati pamene akuyankhula.

Taonani Romeo pamene tikukumana naye koyamba. Juliet sanamuonepo n'komwe. Akulirira Rosaline, mtsikana amene sakumufuna, ndipo akulumikiza mawu osayenderana: chikondi chandewu, nthenga yamtovu, utsi wowala, moto wozizira. M'Chingerezi nsinjiro imeneyi amati oxymoron. Pamene seweroli linkasindikizidwa koyamba mu 1597, mawu otere anali atatha kale ngati nsalu yochapachapa, chifukwa alakatuli ambiri ankatengera Petrarch, mlakatuli wa ku Italy wa zaka za m'ma 1300. Mercutio yemwe, mnzake wa Romeo, amamutchula Petrarch poseka mnzakeyo. Choncho Romeo apa akuyankhula mawu obwereka. Mnyamatayo wakonda kukhala m'chikondi kuposa mmene wakondera Rosaline.

Tsopano pitani pa Act 3, Scene 2. Pangotha maola 3 chikwatiwire, Juliet akumva kuti mwamuna wake wapha Tybalt, mwana wa malume ake, msuweni wake weniweni. Akumutcha Romeo wankhanza wokongola, chiwanda chonga mngelo, khwangwala wovala nthenga za nkhunda. Nsinjiro ndi yomwe ija, koma apa palibe chobwereka. Munthu mmodzi yemweyo ndi mwamuna wake komanso ndi wakupha m'bale wake, ndipo palibe liwu limodzi limene linganyamule zonsezi. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, makamaka ndikakumbukira kuti mwanayu sanakwanitse zaka 14. Ngati m'mayeso mungolemba kuti onse awiri agwiritsa ntchito mawu otsutsana, mwasiya mnofu n'kutenga fupa.

Pali china chimene owerenga ambiri amachidumpha. Mawu otsegulira sewero ndi ndakatulo ya mizere 14, ndipo amatiuziratu kuti ana a Montague ndi Capulet, mabanja odana a ku Verona, adzafa. Awiriwa akakumana kuphwando, mawu awo oyamba amapanganso ndakatulo ya mizere 14, wina akayamba wina n'kupitiriza. Romeo akudziyesa mlendo wopita kukapembedza, Juliet ndiye woyera mtima wopembedzedwayo, mpaka apsompsonana. Anthu osadziwana aluka ndakatulo imodzi popanda kupangana, zomwe Rosaline sanachite naye mpang'ono pomwe. Koma khutu la womvera lamva kale kalukidwe kameneka pamene imfa inkalengezedwa.

Za Mercutio ndingodutsapo. Atabayidwa amasewerabe ndi liwu lakuti grave, lomwe limatanthauza munthu wosaseka komanso manda. Nthabwala imeneyi m'Chichewa siwoloka.

Chining'a chimene aliyense amaloweza ndi chakuti Juliet ndi dzuwa. Anthu amaiwala kuti Romeo akunena zimenezi usiku, atabisala m'munda wa adani ake. Amaonana usiku, amalonjezana usiku, amagona limodzi usiku umodzi wokha. Masana ndi a ndewu: Mercutio ndi Tybalt amafa dzuwa likuswa mtengo. N'chifukwa chake Act 3, Scene 5 imapweteka chotero. Mbalame ikulira panja. Juliet akuumirira kuti ndi ija yoimba usiku, Romeo akuti ndi yam'bandakucha. Sakukangana za mbalame ayi. Romeo wapirikitsidwa mumzinda, ndipo kukamuchera ali ku Verona aphedwa. Mnyamata uja anatcha wokondedwa wake dzuwa tsopano akuti kunja kukamayera, mavuto awo akunka naderadera.

Akatsika pazenera kuti athawire ku Mantua, Juliet akumuyang'ana ali m'mwamba n'kunena kuti akumuona ngati wakufa pansi pa manda. Ameneyo ndiye kalosera, chemwali, ndipo mulembe momwemo. Muwonjezerenso kuti aka ndi komaliza awiriwa kuyankhulana.