Kwa achemwali ofuna kukaonetsa ana nyanja yamchere ndi ndalama zochepa

Achemwali, mwafunsa kuti ana akatsekera sukulu mu Ogasiti muwatengere kuti akaone nyanja yamchere, popeza m'thumba mulibe zambiri ndipo ku Durban simungafikeko. Ine ndikuti pitani ku Beira, ku Mozambique. Ndakhala ndikupitako kukapikula kaunjika, ndipo ulendo wina ndinatenga ana anga awiri. Mpaka lero nkhani yawo ndi yomweyo.

Njira yake ndi yosavuta. Kwerani basi ya ku Mutare ku Mbare kuno ku Harare m'mamawa, mudutse pa chipata cha Forbes kulowa Machipanda, kenako mukwere timabasi tomwe kumeneko amati chapa, kudzera ku Chimoio, Inchope ndi Dondo. Kuchoka kuno ndi makilomita osakwana 600, koma ndi ana ndi ulendo wa tsiku lathunthu, choncho tengani kamba. Wa pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi safunika viza. Mapasipotiwo muziyenda nawo ngakhale m'tauni, apolisi amafunsa. Pa chipata paja pali anyamata osintha ndalama. Mmodzi anandiwerengera ma meticais, ndalama za kumeneko, mothamanga, nditafika ku Chimoio ndinapeza akuperewera. Werengani nokha kawiri musanapereke madola anu.

Chimene ndimaikondera Beira ndi chakuti zokoma zake zambiri sizilipiritsa. Yambani ndi gombe la Macuti. Pali nsanja yofiira ndi yoyera younikira sitima usiku, yomangidwa mu 1904, ndipo pafupi pake pamchenga pagona chigoba cha sitima yadzimbiri. Ana anga anathera tsiku lonse pamenepo kutola zigoba za nkhono. Ndikuuzirenitu kuti madzi ake si oyera ngati a ku Mangochi. Ndi ofiirira chifukwa cha matope obwera ndi mitsinje ya Pungwe ndi Buzi. Komanso nyanja iyi imapuma: nthawi ina madzi amathawira kutali kusiya mchenga wokhawokha, patapita maola angapo abwerera mwamphamvu. Musawachotse diso ana, makamaka madzi akamabwerera.

Tsiku lina mulawirire ku Praia Nova, komwe asodzi amakocheza mabwato. Apa ndiye pamene mtima wanga unakhazikika. Anthu ambiri a ku Beira amalankhula Chisena ndi Chindau. Chisena chili pafupi kwambiri ndi Chichewa chathu, Chindau ndi mbale wa Chishona, ndiye ife okulira ku Mbare ndi ku Highfield, oyankhula ziwiri zonsezi, sitisowa pogwira. Ndinapereka moni m'Chichewa kwa mayi wina wogulitsa nsomba, iye anandiyankha m'Chisena, tinamvana bwinobwino mpaka anandiikira basera. Musadzivutitse ndi Chipwitikizi, "obrigada" yekha, kutanthauza zikomo, akukwanirani. Gulani nsomba kapena camarão, ma prawn aja, pomwepo, mukaphike nokha. Chifukwa chake pofuna malo ogona funsani nyumba ya alendo yokhala ndi pophikira; ndalama zambiri zimathera m'malesitilanti a m'mbali mwa nyanja. Mukafuna zophikaphika, lowani mumsika wa Maquinino muitanitse xima, yomwe ndi nsima yathu yomwe ija, ndi matapa, chigwada chotendera nsinjiro ndi kokonati. M'mawa buledi wawo wa pão ndi tiyi basi.

Pakati pa tauni pali tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Nossa Senhora do Rosário, chomwe ena mwa miyala yake anachita kugumula ku linga lakale la Apwitikizi ku Sofala. Siteshoni ya sitima yapamtunda, ya m'ma 1960, nayo ndi yoyenera kuiona. Mukamaona malole ataima mzere kulowera kudoko, auzeni ana kuti feteleza ndi katundu wambiri wopita ku Malawi amadzera pamenepa, ndipo mafuta a galimoto omwe timagwiritsa ntchito kuno amayenda m'paipi kuchokera pomwepa kukafika ku Feruka, pafupi ndi Mutare.

Anthu akuuzani za Grande Hotel. Inali hotela yapamwamba, inatsekedwa mu 1963, ndipo lero mukukhala mabanja ochuluka osowa pokhala. Ioneni muli panja. Zimandiwawa ndikaona alendo akujambula ana a m'menemo osapempha, ngati si pakhomo pa anthu. Kumbukiraninso kuti mzindawu unasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, yemwe uja anapha abale athu ku Chimanimani ndi kumiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mukaona nyumba yopanda denga, mudziwe kuti eni ake anaona zoopsa.

Ogasiti mwasankha bwino, kumakhala kozizirirako ndipo mvula ndi yochepa. Mu Disembala kutentha kwake ana sangapirire. Udzudzu wokha ulipo chaka chonse, ndiye neti musaiwale, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako thamangirani kuchipatala mukanene kuti munali ku Beira, amuyeze malungo.