Kukana Udindo: Zimene Zhuangzi Angakuuzeni

Achemwali, mwati kuntchito akufuna kukukwezani, koma inu mtima sukufuna chifukwa udindowo udzakulandani tulo ndi nthawi ya ana. Amalume ndi azakhali akuti mukakana ndiye kuti mwapusa. Ndiye mwafunsa ngati nzeru za Tao, chiphunzitso chakale cha ku China cholimbikitsa moyo wosadzikakamiza, zikutanthauza kungowasiya abale onse n'kumakhala panokha. Ayi, sizikutero, ngakhale kuti ambiri amene amaika timawu ta Laozi, mmodzi wa aphunzitsi akale a nzeruzi, pa Facebook amazimva choncho.

Munthu woyenera kumumvera pa nkhani yanuyi ndi Zhuangzi, amene anakhalako ku China m'zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, nthawi imene maufumu a kumeneko ankangokhalira kuthirana nkhondo. Kukhala nduna ya mfumu nthawi imeneyo kunali ulemu waukulu, komanso inali njira yachidule yodulidwira mutu. Buku lotchedwa ndi dzina lake, la mitu 33, limasimba kuti tsiku lina akuwedza mumtsinje wa Pu, mfumu ya ku Chu inatuma akuluakulu awiri kukamupempha kuti ayendetse boma. Iye osacheuka n'komwe, anawakumbutsa za fulu wopatulika amene anafa zaka 3,000 zapitazo, amene mfumu inkamusunga m'bokosi, atakulungidwa munsalu, m'kachisi wa makolo. Anawafunsa ngati fuluyo akanasankha kufa kuti chigoba chake chizilemekezedwa, kapena kukhala moyo akukoka mchira m'matope. Iwo anati m'matope. Iye anati bwererani, inenso ndikoka mchira wanga m'matope.

Mukaimira pomwepa muganiza kuti nkhani yatha, kanani basi. Koma m'buku lomwelo muli nkhani ina imene anthu saikonda kuitchula. Zhuangzi akuyenda m'phiri anaona mtengo waukulu umene odula mitengo anausiya chifukwa unalibe ntchito, ndipo anati kupanda ntchitoko ndiko kwaupulumutsa. Atatsika anakagona kwa mnzake, amene anauza mnyamata wake kuti aphe tsekwe wa ndiwo. Atsekwe analipo awiri, wina wolira, wina wosalira. Mwininyumba anati ipha wosalirayo. Mawa lake ophunzira anamupanikiza: dzulo mtengo wapulumuka chifukwa chopanda ntchito, lero tsekwe wafa pa chifukwa chomwecho, nanga inu muima pati? Iye anaseka, nati mwina pakati, koma anavomera kuti ngakhale pakatipo si pothawira mavuto onse.

Apa ndi pamene ndimamukondera mkuluyu. Sakupatsani lamulo loti kukana ndi ufulu, kuvomera ndi ukapolo. Wokana udindo pofuna kuonetsa abale kuti iye sauzidwa zochita, nayenso akuvinabe ng'oma ya abalewo, kungoti akuvina chobwerera m'mbuyo. Koyambirira kwa bukuli amatchula Song Rongzi, munthu amene dziko lonse likamuyamikira sankatengeka, likamunyoza sankakhumudwa, koma akuti ngakhale iyeyo anali asanafike pachimake. Ndiye funso si loti amalume akuti chiyani, koma loti usiku mukagona, mawu amene akukutchani wopusa ndi a amalume, kapena mwayamba kudzitchula nokha? Ngati ndinu, ngakhale mutasamukira ku Johannesburg n'kusintha nambala ya foni, mawuwo mupita nawo.

Pali kankhani kenanso kothandiza pa mkwiyo umene ndikuumva m'mawu anu. Munthu akuwoloka mtsinje, bwato lopanda munthu likagunda lake, sakwiya. Koma akaona muli munthu, amakuwa, kachitatu amayamba kutukwana. Kugunda n'kumodzimodzi. Azakhali anu akamanena za udindo, mwina sakufuna kukulamulirani. Kawirikawiri akuopa umphawi umene anauona ndi maso, akuwerengera fizi ya adzukulu ndi feteleza wa chaka chamawa. Mukawaona motero, mutha kuwakanira popanda kuwada, ndipo mudzapitabe kumaliro ndi kuzinkhoswe monga mwa nthawi zonse.

Koma ndisakunamizeni kuti kukana n'kwaulere. Tao Yuanming, wolemba ndakatulo wa ku China, anatula pansi udindo woyang'anira dera la Pengze m'chaka cha 405, atangougwira masiku oposa 80, ponena kuti sangawerame pamaso pa akuluakulu chifukwa cha malipiro a timiyezo tisanu ta chakudya. Anabwerera kumudzi kukalima. Achitchaina amamutamanda mpaka lero, koma nyumba yake inapsa mu 408, ndipo pakati pa ndakatulo zake pali ina yonena za kupempha chakudya pakhomo la munthu. Amene amasimba za ndakatulo yake yotchuka ya maluwa a kumpanda kwake nthawi zambiri amadumpha gawo limeneli.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga pepala n'kulemba ndalama imene ndikuitaya pokana, ndi anthu amene adzaimva kuwawa kwake. Ngati muli ana amasiye amene mumawalipirira sukulu, ilo si phokoso la anthu loti mungolinyalanyaza, ndi udindo weniweni. Ngati zomwe mumalandira panopa zikukwanira zimenezo, pitani kwa amalume nokha, osati pa WhatsApp ya banja. Auzeni zimene mupitirize kuthandiza ndi zimene simungathe, ndipo akayamba kukalipa musawadule mawu. Kwa abwana funsaninso ngati mwayiwo ungadikire chaka chimodzi kapena ziwiri, ana akasinkhuke kaye.