Funsani Tikuyankheni: Sopo Wanga Sakulimba

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mchinji, ndipo ndinaphunzira kupanga sopo wosaphika pamoto ku gulu lathu la amayi. Ndimasakaniza lita imodzi ya mafuta a mpendadzuwa, theka la kapu ya kositiki soda ndi theka la lita ya madzi, kenako ndimathira mu chikombole. Papita masabata atatu koma sopoyo akadali wofewa, moti chala chimalowa ndikadina, ndipo pamwamba pake pakuoneka timafuta. Kodi ndikulakwitsa pati, nanga sopo ameneyu ndimutaye?

YANKHO: Mayi, musafulumire kumutaya. Malinga ndi zimene mwalemba, mavuto alipo atatu ndipo akumana mu chikombole chimodzi: mtundu wa mafuta, kuchuluka kwa madzi, ndi muyeso wa soda.

Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndi abwino pakhungu, koma paokha amatulutsa sopo wofewa, wosachedwa kusungunuka, amenenso pakapita miyezi amatha kuchita mawanga achikasu ndi kuyamba kununkha. Sopo amalimba ndi mafuta amene amagwirana kukazizira, monga mafuta a ng'ombe, a nkhumba, a kokonati, ndi a kanjedza amene ku Karonga amawatcha mawese. Mafuta a ng'ombe a ku butchala ndi otsika mtengo, ndipo mukawasungunula pamoto wochepa n'kuwasefa ndi nsalu yoyera, amapanga sopo woyera ndi wolimba bwino. Ine ndimalangiza kuti mafuta olimbawa asachepere theka la mafuta onse.

Vuto lalikulu, komabe, ndi kapu. Mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi mlingo wake wa soda, ndipo mlingowo umawerengedwa polemera, osati podzaza chiwiya. Lita ya mafuta a mpendadzuwa imalemera pafupifupi magalamu 920, ndipo galamu iliyonse imafuna soda wokwana magalamu 0.134, kutanthauza magalamu 123 pa lita yonse. Opanga sopo amachotsapo magawo 5 pa 100 alionse kuti patsale timafuta tofewetsa khungu, choncho soda woyenera ndi magalamu 117. Tsono theka la kapu ndi magalamu angati? Zimatengera kapuyo, zimatengeranso ngati soda wanu ndi wa timibulu kapena wa tizipapati, chifukwa wa tizipapati amasiya mipata yambiri m'kapu ndipo amalemera pang'ono. Timafuta timene mukuona pamwambato tikusonyeza kuti mwina soda anachepa, ndipo mafuta ena sanasanduke sopo. Akanakhala kuti soda anachuluka, sopoyo akanauma gwa, n'kumanyenyeka podula ndi kuyabwa m'manja. Gulani sikelo ya manambala yoyeza galamu imodziimodzi, ngakhale mosonkherana pagulu lanu, chifukwa mtengo wake suposa wa mafuta amene amaonongeka pa miyezo yongoganizira.

Onaninso soda weniweniyo. Kositiki soda amakoka chinyezi ndi mpweya, ndipo akakhalitsa m'pepala lapulasitiki losamanga bwino amagwirana mibulu, amachita kunyowa, n'kutha mphamvu. Soda wamphamvu mukamuthira m'madzi, chiwiyacho chimatentha kwambiri nthawi yomweyo. Chikangofunda pang'ono, dziwani kuti sodayo wafooka ngakhale sikelo ikuonetsa muyeso woyenera. Pogula, werengani ngati palembedwa sodium hydroxide, popeza potassium hydroxide ndi wopangira sopo wamadzimadzi ndipo sangakupatseni mtanda wolimba. N'chifukwa chakenso sopo wopangidwa ndi chidulo cha phulusa, chimene chimakhala ndi potassium, kawirikawiri amakhala wofewa. Soda wophikira thelere ndiye sapanga sopo n'komwe.

Madzi nawonso munachulukitsa. Pa gawo limodzi la soda pamafunika magawo awiri a madzi polemera, ndiye pa magalamu 117 a soda mukanathira magalamu 234 okha, pamene inu munathira 500. Madzi onsewo ayenera kuuluka sopo asanalimbe, ndipo m'nyengo ya dzinja kuuma kumachedwa kwambiri chifukwa gilisalini, amene amapangika m'sopo mafuta akakumana ndi soda, amakokanso chinyezi cha mumpweya.

Yesani muyeso uwu ulendo wotsatira: magalamu 600 a mafuta a ng'ombe kapena a kanjedza, magalamu 400 a mpendadzuwa, magalamu 131 a soda ndi magalamu 262 a madzi. Sungunulani masipuni a tiyi awiri a mchere m'madzimo musanathire soda, chifukwa mchere umathandiza kulimbitsa. Thirani soda m'madzi, osati madzi m'soda, mutavala magolovesi ndi magalasi, pamalo opita mphepo, ndipo musagwiritse ntchito poto wa aluminiyamu chifukwa soda amamudya. Mafuta ndi madzi a soda zikhale zofunda posakaniza, pafupifupi madigiri 40, popeza mafuta a ng'ombe akazizira amayamba kugwirana okha, inu n'kumayesa kuti sopo wagwira pamene sanagwire. Takasani mpaka zikhale ngati phala la mwana, moti mukadontheza ndi mthiko mzere wake uzitsala pamwamba kwa kanthawi. Ndi manja zimenezi zimatha kupitirira ola, ndipo ambiri amatopa n'kuthira mu chikombole nthawi isanakwane. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri tulutsani, dulani, ndipo yanikani pathandala la m'nyumba, pamthunzi, mitanda isakhudzane, kwa masabata 4 mpaka 6, mukumaitembenuza.

Za sopo amene muli nayeyu, mutulutseni m'chikombole ngakhale ali wofewa, mumudule tizidutswa ting'onoting'ono ndi kumuyanika mwezi wina, chifukwa gawo la madzi lija lidzatha lokha. Akapitirizabe kutulutsa mafuta, mupaleni, musakanize ndi sopo wolimba wopalapala wolemera chimodzimodzi, musungunule m'chiwiya chokhazikidwa m'madzi otentha mutawaza masipuni ochepa a madzi, ndipo muthirenso mu chikombole. Musawonjezere soda mongoganizira, popeza simukudziwa kuti anapereŵera magalamu angati, ndipo soda wotsala m'sopo amawotcha khungu. Sopo wokonzansoyu mugwiritse ntchito pakhomo panu. Wogulitsa achokere pa muyeso watsopanowo.