Ulusi wa khonje ukada n'kumaduka, vuto limakhala pati?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti ali ndi khonje wambiri kumpanda ndipo akufuna kudzala munda wonse kuti azipota zingwe zogulitsa. Chowadandaulitsa n'chakuti ulusi umene akupala ukuda ndiponso ukuduka msanga. Akufunsa ngati mbewu yawo ndi yachabechabe.

Mayi, mbewuyo musaiimbe mlandu. Khonje ndi chomera cholimba kwambiri. Kwawo n'ku Mexico, ndipo anafika kum'mawa kwa Africa mu 1893 kudzera mwa Richard Hindorf wa ku Germany. Lero Brazil ndiye amalima wochuluka kuposa mayiko onse. Chilala sachiopa, chimene amadana nacho ndi nthaka yosunga madzi. Dzalani timphukira totuluka patsinde kapena tiana tomera pamlongoti wa maluwa, titayamba takhwimira kunazale, kenako dikirani zaka 2 kapena 3 musanayambe kudula.

Pamene ambiri amaonongera ndi pokolola ndi popala. Tsamba likangodulidwa, madzi ake amayamba kuuma ndipo mnofu umakakamira ku ulusi ngati ulimbo. Mukaunjika masamba masiku angapo, mudzapala movutika, ulusi wina udzaduka, wotsalawo udzatuluka wakuda. Choncho dulani okhawo amene mungathe kupala tsiku lomwelo, mukachedwetsa mawa lake. Yambani ndi masamba akunsi okhwima, n'kusiya osachepera 20 pamwamba kuti chomera chipitirize kukula. Kuchimeta mpala chifukwa cha changu cha ndalama n'kudzidulira zokolola za chaka chamawa.

Mukapala, tsukani ulusiwo nthawi yomweyo m'madzi oyera mpaka zobiriwira zonse zichoke, muuyanike pachingwe padzuwa, osati pansi, ndipo usanyowenso ndi mvula kapena mame. Ukauma upeseni kuti uwongoke. Manja muziwatchinjiriza, madzi a khonje amayabwa koopsa, ndipo minga ya kunsonga muziyamba mwaidula.

Za munda wonsezo, ndikupempheni muyambe mwawerengera. Ulusi wouma umangokhala pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse a kulemera kwa tsamba, kutanthauza kuti masamba olemera makilogalamu 100 akupatsani makilogalamu 4 okha. Kupala pamanja kumakwanira khonje wakumpanda, koma munda waukulu umafuna makina opalira ndi madzi ambiri pafupi. Ngati ziwirizi simunazipeze, onjezani mizere yochepa chabe chaka chino.