Musafufute mavesheni akale, ikanipo chenjezo

Mwafunsa choti muchite ndi mavesheni akale a package yanu ya pa npm (malo amene anthu amagawanirana code ya JavaScript), popeza mwapeza kuti onse a m'munsi mwa 2.1.0 ali ndi vuto lachitetezo ndipo mukulingalira zongowafufuta. Malangizo anga ndi akuti musawafufute, koma muwalembe kuti ndi deprecated, kutanthauza kuti npm izichenjeza aliyense wowaika kuti asawagwiritsenso ntchito.

Pali anthu amene simunawaonepo omwe mapulogalamu awo amadalira mavesheni amenewo. Mu Malichi 2016, mwini wake wa left-pad, kapulogalamu ka mizere yochepa chabe, atakachotsa pa npm, mapulojekiti akuluakulu monga Babel anakanika kuikidwa m'makompyuta a anthu ambirimbiri. Masiku ano npm imalola kufufuta vesheni pasanathe maola 72 chiitulutsireni, ngati palibe package ina yoidalira, ndipo nthawiyo ikadutsa malamulo amakhwima kwambiri. Ngakhale mutakwanitsa kufufuta, nambala ya vesheniyo simudzaigwiritsanso ntchito.

Yambani mwatulutsa vesheni yokonzedwayo, chifukwa si bwino kuuza anthu kuti asamuke musanawakonzere kopita. Mukatero lembani npm deprecate dzina-la-package@"<2.1.0" "uthenga wanu". Zizindikiro zogwira mawu zimene zazinga <2.1.0 musaziiwale, chifukwa shell, pulogalamu imene mumalembamo malamulowa, imamva chizindikiro cha < mwa njira yakeyake. Chenjeraninso kuti mukasiya kutchula vesheni, chenjezolo limagwera package yonse, kuphatikizapo vesheni yatsopano imene mwaivutikira. Mwamwayi cholakwa chimenechi n'chosavuta kukonza, pakuti mumangobwereza lamulo lomwelo koma uthenga wake n'kukhala wopanda kanthu, motere "".

Pa uthengawo m'pamene ambiri amachita ulesi. Munthu amauona ukudutsa pa sikirini pakati pa mizere ina yambiri pamene npm install ikuyenda, choncho mawu akuti "musagwiritse ntchito" okha samuthandiza. Muuzeni vuto lake mwachidule, vesheni yoti apiteko, komanso ngati kusamukako kudzafuna kuti asinthe code yake.

Dziwani kuti chenjezoli silitseka khomo. Amene vesheni yakaleyo inalembedwa kale mu package-lock.json yawo (fayilo yosunga mavesheni enieni amene pulojekiti imagwiritsa ntchito) apitiriza kuilandira, ndipo ena sawerenga n'komwe machenjezo. Popeza lanuli ndi vuto lachitetezo, lilengezeninso kudzera mu security advisory (chilengezo cha vuto lachitetezo) ya pa GitHub, kuti npm audit, lamulo lofufuza mavuto achitetezo, liziwadziwitsa eni mapulojekiti amene sanasamuke.