Musanagule masheya a chuma cha pansi pa nyanja

Achimwene, ndalama zanuzo zigwireni kaye. Anthu ogulitsa masheya a "sitima ya Spain yodzadza ndi golide" amenewa amandipsetsa mtima. Amakuonetsani makobidi onyezimira pa foni, koma za zaka, makhothi ndi maliro sanena.

Onse amathamangira kutchula Atocha. Zoona, sitima ya Spain ya Nuestra Señora de Atocha inamira ndi namondwe mu September 1622 kufupi ndi zilumba za Florida Keys ku America, ndipo gulu la Mel Fisher linapeza mulu waukulu wa siliva pa 20 July 1985. Koma anayamba kufufuza mu 1969. Zaka 16! Poyamba ankasaka malo olakwika, mpaka katswiri wa mbiri yakale Eugene Lyon atawerenga zikalata zakale ku Archivo General de Indias ku Seville n'kuona kuti malo ake ndi cha ku Marquesas Keys. Madzi ake si akuya, pafupifupi mamita 17, koma namondwe wachiwiri anaphwasula sitimayo n'kumwaza katundu makilomita angapo, mchenga n'kukwirira. Magnetometer imene amakoka kumbuyo kwa boti imamva chitsulo basi, monga nangula ndi misomali. Golide ndi siliva siimva. Ikalira mumaima, kutsitsa mapaipi opindika aja amati mailbox kumbuyo kwa propeller kuti madzi akumbe mchenga, munthu n'kumira. Nthawi zambiri amatuluka ndi chitsulo chotayidwa, mafuta atapita kale.

Ndiye mu July 1975 Dirk, mwana wa Fisher, anapeza mizinga 9 ya bronze yotsimikiza kuti ndi Atocha. Patangotha sabata, pa 20 July, boti lawo la Northwind lili pa nangula usiku anthu ali m'tulo, madzi analowa, pampu yowachotsa sinagwire ntchito, boti linapendekeka n'kugudubuzika. Dirk, mkazi wake Angel ndi Rick Gage anafera momwemo. Mel Fisher ameneyo ndiye munthu amene "zinamuyendera". Ndipo boma la Florida ndi la America anamukoka m'makhothi mpaka Supreme Court inagamula momukomera mu 1982.

Masiku ano ndiye zinavutiratu. Kampani ya Odyssey Marine Exploration inavuula makobidi pafupifupi 594,000, matani 17, mu 2007, a sitima ya Nuestra Señora de las Mercedes imene Angerezi anaimiza mu 1804 kufupi ndi Portugal. Khothi ku Tampa, ku America, linati ndi sitima yankhondo ya Spain, choncho ikadali ya Spain. Mu February 2012 ndege ziwiri za asilikali zinanyamula zonse. Kampaniyo sinalandire ngakhale chipukuta misozi. Sitima ina ya Spain, San José, imene inamira mu 1708 kufupi ndi Cartagena ku Colombia, inapezeka mu 2015 pa mamita pafupifupi 600, ndipo Colombia, Spain, kampani ya Sea Search Armada ndi anthu a mtundu wa Qhara Qhara a ku Bolivia akulimbiranabe. Ndiye wina pa WhatsApp azikulonjezani phindu pakatha miyezi 6? Mbava zenizeni.

China chimene sanena: siliva amatuluka wakuda bii, makobidi atamatirana ngati mwala, ndipo amafunika electrolysis (kuwatsuka ndi magetsi) kuti ayere. Ogula masheya kawirikawiri amapatsidwa makobidi, osati ndalama, kugulitsa ndi kwanu. Akachuluka pamsika mtengo umagwa.

Komabe ngati mtima wakana, funsani dzina la sitima, nambala ya chilolezo cha boma, ndi chigamulo cha khothi chowapatsa malowo, mufufuze nokha. Sankhani ogwira malo amene umwini unagamulidwa kale, monga zombo za Spain zimene zinamira mu 1715 ku gombe la Florida, kumene boma limatenga mpaka 20 peresenti ndipo golide amatulukabe m'madzi osaya nthawi yotentha. Mbali yakumbuyo ya Atocha, kumene kunkakhala olemera, sinapezekebe mpaka lero.